Ndikaiwala Ndiyang'ane Ndani?

Mayi Sauiluma anali ndi luso lolalata osakweza mawu. Madzulo a tsiku limenelo anakhala pamkeka pakati pa nyumba, chikupizo kumanja, akuyankhula ngati akuuza mzati. Koma aliyense ankadziwa kuti mawuwo akulowera kuseri, kukhitchini, kumene mpongozi wawo Fuatino ankasenda nthochi.

"Kale mtengwa akati wadwala tinkaona chilonda," anatero. "Lero akuti mtima. Tonsefe tili nayo mitima, koma chakudya chimapsa pa nthawi yake."

Fuatino anangopitiriza kusenda. Kuno pachilumba cha Savai'i mkazi wobwera kuchitengwa amakhala kuseri, maso ali psuu ndi utsi, ndipo pakamwa amatsegula polawa mchere basi. Iye anachokera kutsidya kwa nyanja, kuchilumba cha Upolu, kudzakwatiwa ndi Peniamina, chitsirizira cha mayi Sauiluma, ndipo zaka zoyamba anapirira ngati atengwa ena onse.

Zinthu zinasintha mwana wawo wachiwiri, wamwamuna, atabadwa wosalira. Anamuika kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi manda a agogo ake, pamalo amene Fuatino ankasesa m'mawa uliwonse. Kuyambira pamenepo chinthu china chinayamba kumamugwira, ndipo sichinkaodira. Chifuwa chinkangothina, manja n'kuzizira, mtima n'kumagunda mpaka m'makutu, iye n'kudziwa popanda kukayika kuti akufa. Namwino atamuyeza ananena kuti mtima uli bwinobwino, ndi nkhawa chabe. Mawu akuti "chabe" aja ndi amene apongozi ake anatola n'kusunga.

Panali malo amodzi okha pamene mpweya unkabwerera msanga: m'tchalitchi, pabenchi lachitatu, mbali ya amayi, pafupi ndi zenera. Sabata yonse ya Fuatino inkazungulira pamenepo. Lachitatu kunali kwaya. Lachinayi amayi ankaluka mikeka pakhonde la abusa, akudya miseche pang'onopang'ono pakati pa nyimbo. Loweruka kunali kusesa ndi kuika maluwa, ndipo Lamulungu mudzi wonse unkalowa utavala zoyera, zipewa za amayi zikupikisana kukula. Tsiku lina mkazi wa abusa, mayi Talaleu, anamupeza pabenchipo ali yekha, akunjenjemera. Sanamufunse zambiri. Anangokhala pambali pake n'kumugwira dzanja mpaka linafunda.

"Chitseko ichi sitikhoma, mwana wanga," anatero. "Chikakugwira, bwera. Usavutike ndi pemphero lalitali, Mulungu si wogontha. Ungomuuza kuti wafika."

Pemphero la Fuatino linakhala lomwelo: "Ambuye, ndafika." Ankalibwereza mpaka chifuwa chimasuke. Silinkamuchiza, koma linkamufikitsa tsiku lotsatira.

Chinanso chomwe chinkamugwira kuti asagwe chinali Sinalei, mwana wake yekhayo wotsala, kamtsikana kamanyazi kogweluka mano akutsogolo. Lamulungu la Ana linali litayandikira, tsiku limene ana amavala zoyera zatsopano n'kuimirira pamaso pa mpingo, ndipo chaka chimenecho Sinalei anali woti anene vesi lake koyamba. Vesilo anamusankhira ndi mayi ake, lonena kuti Mulungu wotisunga saodzera. Ankaliphunzira kukhitchini komweko, pakati pa utsi.

"Nanga ndikaiwala, amayi?"

"Ukaiwala uyang'ane benchi lachitatu. Ine ndizinena chapansipansi, iwe uzitola pamilomo panga."

"Osachoka pamenepotu."

"Ndichoke ndipite kuti?"

Madzulo a tsiku la nthochi lija, apongozi asanamalize nkhani yawo, belu loyamba la sa, mwambo wa pemphero la madzulo, linalira. Belulo ndi silinda yakale ya gasi imene imalendewera pamtengo pafupi ndi tchalitchi. Ana anathamangira kwawo. Lachiwiri likalira ndi nthawi ya pemphero m'nyumba iliyonse, ndipo palibe woyenda. Amene lamupeza panjira amakhala pansi pomwepo mpaka lachitatu. Amuna a malaya oyera amaima m'mbali mwa msewu kuonetsetsa kuti ngakhale mlendo asaponde. Peniamina anali mmodzi wa iwo, ndipo ankaima njo kuposa anzake chifukwa abale anali atagwirizana zomupatsa dzina laulemu la malemu bambo ake, la mkulu wa banja, chaka chisanathe.

M'nyumba anaimba nyimbo, kenako mayi Sauiluma anatseka maso n'kuyamba kupemphera. Pemphero lawo nthawi zonse linkadziwa kolowera.

"Ambuye, chotsani ulesi m'nyumba ino. Chotsani matenda osaoneka. Mukumbukire mwana wanga Peniamina, amene alandire dzina la bambo ake alibe mwana wamwamuna womusiyira, poti amene munatipatsa uja sanasungike m'mimba momwe munamuika."

Fuatino anatsegula maso. Kutsogolo kwake, kupyola pakhomo, kunali kamanda kaja. Chifuwa chinathina nthawi yomweyo. Anayesa kunena kuti "Ambuye, ndafika," koma anali asanafike, anali pamkeka wa apongozi ake, ndipo mpweya unakanirira pakhosi. Anadzambatuka n'kutuluka.

Msewu unali zii. M'nyumba zonse anthu anali chikhalire, ndipo nyumba zambiri kuno zilibe makoma. Mudzi wonse unamuona akuthamanga, tsitsi litamasuka, wopanda nsapato. Munthu woyamba wa malaya oyera amene anakumana naye anali mwamuna wake.

"Tino, khala pansi," anatero Peniamina chapansipansi. "Khala pomwepo. Anthu akuona."

"Ndikufa, a Peni."

"Sukufa. Khala pansi, ndapota nawe."

Anamugwira mkono. Fuatino sanaone kuti ndi ndani. Anangomva kuti pali chinthu pakati pa iye ndi mpweya, ndipo anachikankha ndi mphamvu zake zonse. Amene anakhala pansi anali Peniamina, m'fumbi, nsalu ya m'chiuno itamasuka, anzake akuyang'ana kumbali kuti asaseke.

Fuatino anafika pabenchi lachitatu n'kugwetsa mutu. Belu lomaliza lisanalire, mpweya unali utabwerera. Pamodzi ndi mpweyawo panabweranso nzeru, ndipo anayamba kulira, chifukwa anadziwa chimene wachita.

Akuluakulu a mudzi atakhala pansi, mlandu sunatenge nthawi. Kuswa sa ndi mlandu kale, nanga kugwetsa mlonda pamaso pa anthu? Banja linalipa nkhumba zimene ankanenepetsera mwambo wa dzina lija, ndi mkeka waulemu umene mayi Sauiluma analandira kwa mayi awo. Za dzinalo abale anati aone kaye. Munthu wolephera kukhazika pansi mkazi wake angakhazike bwanji banja lonse?

Lachinayi mayi Talaleu anasiya amayi akuluka n'kubwera kudzapepesa. Anakhala pansi mwaulemu, Fuatino atagwada kumbuyo kwawo, Peniamina atatsamira mzati ngati nkhaniyo ndi ya anthu oyandikana nawo.

"Amayi, mwanayu sanathamangire kumowa," anatero mayi Talaleu. "Anathamangira kunyumba ya Mulungu. Ndine ndinamuuza kuti chikamugwira azibwera. Ngati pali wolakwa, yambani ndi ine."

"Ulemu wanu, mayi busa," anayankha mayi Sauiluma, chikupizo chikuyenda. "Mulungu akhululuka, imeneyo ndi ntchito yake, ndipo amaigwira bwino. Koma mkeka wa mayi anga sanatenge ndi Mulungu. Inu munamuuza kuti azibwera, chabwino. Munamuuzanso kuti azigwetsa amuna pamsewu?"

"Akudwala, amayi."

"Ndiye akadwalire kwawo. Ife tinapempha mtengwa." Kenako anafewetsa mawu. "Nsomba za Lamulungu lapitali zinakoma? Peni anasankha yekha zazikuluzo, akuti za kwa abusa."

Mayi Talaleu anayang'ana pansi. Nyumba ya abusa imadya zimene mudzi wapereka, ndipo mudzi unali utagamula kale. Anali mayi wabwino, koma mawu anawathera pamenepo.

Fuatino anakwawa ndi maondo mpaka pamapazi a apongozi ake, misozi ikugwera pamkeka.

"Amayi, ndalakwa. Ndipita. Koma ndiloleni ndipite ndi Sinalei."

"Mchombo wa Sinalei tinaukwirira pansi pa nthaka ino. Iwe unabwera ndi sutikesi, upita ndi sutikesi."

"Ndiye ndikhaleko mpaka Lamulungu lokha. Ndinamulonjeza. Akanena vesi lake ndinyamuka, ngakhale chakudya sindidya."

"Kuti ukagwe pakati pa tchalitchi, alendo atadzaza? Tachita manyazi okwanira. Basi ya Loweruka m'mawa."

Fuatino anatembenukira kwa mwamuna wake. "A Peni, nenani kanthu. Ndine mkazi wanu."

Peniamina anakanda mzati ndi chikhadabo. "Ukapume kaye kwanu, Tino. Zikazizira ndidzabwera."

"Mudzabwera liti? Mayi anu akadzakulolani? Munandiona ndikubanika, chimene munaona ndi anthu."

"Ndinakupempha chinthu chimodzi," anatero Peniamina. "Chimodzi chokha, kukhala pansi. Ngakhale mwana amatha. Ukudziwa zomwe akundiitana anzanga panopa? Ukudziwa?"

"Ndikanatha ndikanakhala."

Peniamina analowa m'chipinda chimodzi chokha cha pakhomopo chimene chinali ndi chitseko, n'kuchimenyetsa mpaka chithunzi cha malemu bambo ake chinapendekeka. Kuseri kwa chitsekocho kunamveka kulira kwa mwamuna wamkulu, koma chitseko sichinatsegukenso.

Lachisanu Fuatino anasita diresi yoyera ya Sinalei, n'kuipachika pamwamba pomwe utsi sufika. Kenako anapita kutchalitchi. Tsiku limenelo sananene kuti wafika. Anapemphera pemphero lalitali, loyamba m'miyezi yambiri, kupempha Mulungu kuti atembenuze mtima wa apongozi ake, kapena wa Peni, kapena abweretse chimphepo kuti sitima yowolokera ku Upolu isayende. Kunja kunali kowala bwino, nyanja ili bata. Anakhala mpaka misozi inauma, ndipo anadabwa kuti ngakhale yankho palibe, pabenchipo ankapumabe bwino. Zinamutonthoza, komanso zinamuwawa.

Mayi Talaleu anamupeza potuluka.

"Mayi busa, Lamulungu mukakhale pamalo pangapa. Akaiwala mukamunong'oneze."

"Mwana wanga, ukudziwa kuti ine ndimakhala kutsogolo ndi ana, kuwandandalika. Koma ndiyesa."

Onse awiri ankadziwa kuti sizitheka, ndipo anakumbatirana osawonjezera mawu.

Loweruka m'mawa amayi a mpingo anali akusesa pabwalo la tchalitchi, ena atanyamula maluwa. Basi itaima, nyimbo zikusokosera m'kati mwake, matsache onse anaima. Palibe anayandikira. Mmodzi yekha anakweza dzanja pang'ono, n'kulibweza msanga ataona mayi Sauiluma. Peniamina anali atalawirira kumunda.

Sinalei anaima pamsewu, agogo ake atamugwira padzanja. Anali atamuuza kuti mayi ake akupita kukaona odwala, koma mwana amaona kukula kwa sutikesi.

"Mubwera mawa m'mawa?"

Fuatino anagwada n'kumukonza kolala imene inali yokonzeka kale. "Mawa ayi."

"Nanga ndikaiwala ndiyang'ane ndani?"

Fuatino anayang'ana apongozi ake, mwina mtima ungagwe pa mawu a mdzukulu wawo. Mayi Sauiluma anali akuyang'ana dalaivala.

"Uyang'ane pomwe paja," anatero Fuatino pomaliza. "Benchi lachitatu."

"Koma inu kulibe."

"Uyang'anebe."

Dalaivala analiza hutala. Basi itanyamuka, Sinalei anayamba kukuwa, akudzikoka kuti aphonyoke, koma dzanja la agogo ake linali lolimba. Fuatino anamva kulirako mpaka pokhota, kenako nyimbo za m'basi zinakumeza.

Kwawo ku Upolu anamulandira mmene amalandirira mkazi wobwezedwa: anamupatsa mkeka, osamufunsa kanthu, mlamu wake akuwerengera ndi maso pakamwa powonjezereka. M'mawa mwake kunalinso Lamulungu la Ana, monga m'midzi yonse. Mayi ake anati apume, anthu angamuyang'ane. Fuatino anabwereka chipewa n'kupita.

Benchi lachitatu linali lodzaza ndi amayi a mabanja ena. Anaima pamenepo mpaka mmodzi anasendera monyinyirika. Panalibe zenera pambali pake. Ana oyera mbee anandandalika kutsogolo, ana a eni, aliyense maso ali kwa mayi ake. Chifuwa chinayamba kuthina, manja n'kuzizira, ndipo miyendo inafuna kudzuka. Koma akanathawira kuti, poti m'tchalitchi anali alimo kale?

"Ambuye, ndafika," ananong'ona. "Koma mwana ali uko."

Itakwana nthawi ya ana aang'ono, Fuatino anadziwa kuti kutsidya kwa nyanja nakonso afika pomwepo. Anakweza nkhope kuti milomo ioneke bwino, n'kuyamba kunena vesi la Sinalei chapansipansi, liwu limodzilimodzi, misozi ikutsikira m'kamwa. Kamnyamata kamene kanali kutsogolo kankanena vesi lina, ndipo mayi wa pambali pake anamugunda ndi chigongono.

"Mukumusokoneza mwana wanga, inu."

Fuatino sanamve. Atafika kumapeto anayambiranso poyamba, pang'onopang'ono, poti Sinalei amakonda kuiwala pakati.