Makina Opanda Pepala

Chimene Namantha anayamba kudabwa nacho chinali nsalu. Nsalu yovundikira makina otayipira a amuna ake, imene iye mwini anaiyala bwinobwino tsiku limene bambowo anatuluka m'chipatala, m'mawa wina anaipeza ili pansi, kunsi kwa tebulo. Anaitola, n'kuikung'untha, n'kudziuza kuti ndi mphepo, ngakhale kuti zenera la chipinda cholembera linali lisanatsegulidwepo chiyambire matenda.

Dzina lakuti Namantha anamupatsa ndi amuna ake omwewo, ndipo sanamunamizire. Mayiyu ankaopa mdima, ankaopa achule, ankaopa ngakhale jekete lopachika kuseri kwa chitseko. Ndiye taonani zochita za Mulungu, anakakwatiwa ndi munthu amene ntchito yake inali kulemba nkhani zoopsa zowerengedwa pa wailesi! Anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti aMlembi. Zaka zonsezo bambowo ankalemba usiku, amati masana mantha sabwera, ndipo Namantha ankagona atatseka makutu ndi pilo.

Tsopano aMlembi anali atagwidwa ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatheratu. Chigwereni pabedi tsiku lina, ankagona pa matiresi pansi, ndipo Namantha anasamukira m'kachipinda koyandikana nawo kuti wodwala azitambasuka.

Usiku wa tsiku limene anatola nsalu lija magetsi anazima, m'nyumba monse muli mdima bii. Namantha anadzidzimuka ndi phokoso la chinthu chokhwekhwerezedwa m'kolido, ngati wina akukoka thumba la simenti: kukoka pang'ono, kupuma, kukokanso. Chitseko cha chipinda cholembera chinalira motsitsa. Kenako zii. Kenako, tha. Namantha anamvetsera mpaka m'makutu kuyamba kulira. Tha.

Makinawo ankawadziwa bwino kulira kwake. Koma amuna ake ankatayipa ngati mvula pa malata, pamene uyu ankagogoda kamodzikamodzi, ngati wosafuna kumveka.

Tisanamizane, Namantha sanapite kukaona wodwala wake. Anakhoma chitseko, n'kudzifunditsa bulangete kumutu, n'kumapemphera mpaka atambala kulira.

Kutacha anapeza aMlembi ali pa matiresi pawo, maso ali kudenga. Koma powasambitsa anaona kuti chigongono cha kumanzere chasupuka, ndipo buluku logonera lada m'mawondo.

"Bambo, chachitika n'chiyani?" anawafunsa chonong'ona.

AMlembi anatembenuzira nkhope kukhoma.

M'makina munalibe pepala ngakhale limodzi. Mapepala onse Namantha anali atawakweza pamwamba pa kabati kalekale, poganiza kuti amuna ake akamawaona mtima uziwawawa.

Phokosolo linabweranso usiku wotsatira, n'kubweranso, ndipo zilonda zinafika m'mawondo. Khoma la chipinda cholembera linagundana ndi la anansi, ndiye mukudziwa, khoma lili ndi makutu. Mayi wa pa golosale ankauza aliyense wodzagula machesi kuti zinthu zimene aMlembi ankalemba zija zabwera kudzawatenga. Ena amati ayi, ndi mkazi yemweyo, anamusandutsa mwamuna chitsiru kuti azimugwiritsa ntchito usiku. Namantha akamadutsa, anthu ankadula nkhani n'kuyamba kukhosomola.

Nkhani inafika kwa achemwali awo a aMlembi, mayi wamtali wosadziwa kuseka. Anabwera, anavundukula bulangete, anayang'ana mawondo a mlongo wawo nthawi yaitali, kenako anakokera Namantha kukhitchini.

"Mlamu, munthu wosayenda, zilonda za m'mawondo wazitenga kuti?"

"Sindikudziwa, alamu."

"Simukudziwa. Nanga zikamalira usikuzo inu mumakhala muli kuti?"

Manyazi anamugwira Namantha kuposa mantha.

"Mumakhoma chitseko, eti? Munthu wosatha n'kukuwa komwe mumamusiya yekha. Loweruka ndibwera ndi galimoto. Mlongo wanga akafere kwathu, osati m'nyumba ino."

Namantha ankawadziwa alamu akewo. Akawatenga, basi, iye sadzaloledwa ngakhale kuwapatsa madzi akumwa.

Lachisanu usiku sanakhome chitseko. Anakhala pabedi atagwira tochi. Kunja galu anauwa, n'kusiya. Mpopi wa kubafa unkadontha. Ndiye kunamveka kukhwekhwereza kuja, pafupi, kuseri kwa chitseko chake chenicheni, pamodzi ndi kupuma kolemera kotulukira m'mphuno. Kunadutsa. Chitseko chija chinalira. Tha.

Namantha anadzuka pabedi. Anayamba walowa m'chipinda cha wodwala, nawalitsa tochi pa matiresi. Panalibe munthu. Anagwira bulangete, linali lofunda.

"Mayi ine, awatenga," ananong'ona.

Apo ndiye mantha anasanduka ukali. Anayenda chopapasa khoma mpaka kuchipinda cholembera, nakankha chitseko ndi phazi.

AMlembi anali pansi, atatsamira mwendo wa tebulo. Mwendo wakufa uja unali utapindikira kumbuyo monga anaukokera. Dzanja la kumanzere linali m'mwamba, chala chimodzi chikupapasa mabatani a makina amene maso awo sankawaona n'komwe. Kuwala kutawagwera, anatsitsa dzanjalo msanga n'kubisa nalo nkhope.

"Bambo inu!" Mawu a Namantha anatuluka mokuwa. "Ndinu? Masiku onsewa ndinu? Mwandipha ndi mantha, anthu anditcha mfiti, achemwali anu akubwera kudzakutengani, inu muli phee!"

Mapewa a aMlembi anayamba kugwedezeka. Namantha anali asanawaonepo akulira, ndipo zinamupweteka koopsa. Munthu amene ankaopseza dziko lonse pa wailesi ankaopa chinthu chimodzi, kuti mkazi wake amuone akukwawa ngati khanda, akulephera ntchito imene kale ankaigwira atatsinzina.

Namantha anapukuta misozi ndi mkono. Ananyamula makinawo n'kuwatsitsira pansi, pakati pa miyendo ya amuna ake. Anakwera pampando, natsitsa mapepala aja, nalowetsa limodzi m'makina.

"Sindikuyang'anani," anatero, nakhala pansi atawafulatira, msana wake utachirikiza wawo. Panapita nthawi makinawo asanalire.

M'mawa galimoto inafikadi. Namantha anafotokoza zonse ali pakhomo, koma alamu ake anangopukusa mutu.

"Bodza limeneli mwaliphika usiku wonse? Dalaivala, tiyeni tiwanyamule."

Atawagwira m'khwapa, aMlembi anabuula, nakakamira mwendo wa mpando ndi dzanja lamoyo lija. Namantha anathamanga, nabwera ndi makina, nawaika pansi patsogolo pawo, nalowetsa pepala latsopano. Pakhomo panali patadzaza kale anansi, mayi wa pa golosale ali patsogolo.

"Bambo, ine mawu anga sakumveka," anatero Namantha atagwada. "Auzeni nokha."

AMlembi anayang'ana anthuwo, nayang'ana pansi. Malovu ankatsika mbali yopotoka ija, dzuwa likuwaonetsa poyera, ndipo panalibe pobisala. Namantha anaganiza kuti atembenukiranso kukhoma. Koma chala chija chinanyamuka n'kutera pa batani. Tha. Mayi wa pa golosale anagwira pakamwa. Chalacho chinasochera, chinabwerera, chinafunafuna. Thukuta linayenderera m'khosi. Palibe anakhosomola.

Chitaima, achemwali awo anawerama, nawerenga zilembo zokhotakhota zija mokweza, ngati mwana wa sukulu.

"Sindipita."

Anawerenganso chamumtima. Kenako mayi wosadziwa kuseka uja anakhala pansi pa simenti ndi zovala zake zapaulendo, nagwira bondo losupuka la mlongo wake.

"Dalaivala," anatero osadzutsa mutu, "kazimitseni galimoto."