Manja Onyowa a Telala

Anakumana mu shopu yosoka madiresi a ukwati. Mtsikanayo anali pa makina a pakona, kansalu kopukutira manja kali pamiyendo, pomwe mnyamata wobweretsa nsalu analowa ndi mpukutu woyera paphewa. Atelala onse ankamutchula kuti Galasi, chifukwa sankadutsa pa kalilole osaima n'kusisita tindevu take towerengekato.

Galasi anapereka dzanja. Mtsikana anazengereza, poti manja ake ankachucha thukuta kuyambira ali mwana, kuzizire kutenthe. Mayi mwini shopu anali atamuchenjeza kale kuti, "Ukadetsanso diresi la mwini, mwana iwe, usadzabwerenso."

"Kungondiona basi, thukuta kamukamu?" anatero Galasi akumwetulira. "Usachite manyazi, atsikana ambiri zimawachitikira."

Kudzimva kwake! Koma munthu amene wakhala akubisa manja moyo wake wonse, akapeza womugwira osapukuta pa buluku, amaiwala kufunsa mafunso. Mameseji anayamba kugwa.

"Mame anga a m'mawa, wadzuka bwanji?"

"Ena akuseke, ine ndidzakhala thaulo lako mpaka imfa."

Mawu otchipa ngati amenewa mtsikana ankawawerenga kawirikawiri, foni ikuterera m'manja. Posakhalitsa anamupatsa Galasi kiyi wa chipinda chake.

Kuopa kuchotsedwa ntchito n'kumene kunamufikitsa kuchipatala. Dokotala anamuyeza shuga ndi chithokomiro, zonse zinali bwino.

"Si uve ayi, ndiponso si mantha," anatero dokotalayo. "Ndi matenda. Misempha yanu imalamula thupi kutulutsa thukuta ngakhale simukumva kutentha. Mankhwala a m'botolo awa muzipaka pogona, manja ali ouma, m'mawa muzisamba. Akakanika, pali makina oviikamo manja m'madzi odutsa timagetsi tochepa, palinso jakisoni."

Galasi atamva anakwinya nkhope. "Mankhwala achiyaninso? Ine ndimakukonda wonyowa momwemo."

Mtsikana anaseka, n'kumaganiza kuti chimenecho ndicho chikondi.

Mankhwala anagwira. Singano inasiya kuterera, kansalu kopukutira kanaiwalika m'chikwama. Anayamba kupereka moni wa dzanja kwa makasitomala, kuseka nawo, kuyenda mutu uli m'mwamba. Mwini shopu anamupatsa diresi lodula la mikanda kuti alimalize yekha. Galasi yekha ndiye ankatupa ngati chule.

"Masiku ano aliyense ukumugwira dzanja eti?"

"Inu simukusangalala kuti ndachira?"

"Ndikusangalala, mame anga," anayankha maso ali pa foni.

Kenako thukuta linabwerera. Ankapaka monga anauzidwira, koma m'mawa manja anali chonchobe. Walakwa pati? Kapena thupi lake ndi lotembereredwa? Galasi ankamusisita pamsana. "Ndinanena ine. Koma usadandaule, ine ndilipo."

Tsiku lina masana, chala chake chinasiya banga pachifuwa penipeni pa diresi la mikanda lija. Mwini shopu sanakalipe. Anangolozera kukhomo.

Mtsikana anayenda akulira msewu wonse. Atafika kunyumba anapeza chitseko chili chotsekula pang'ono, mpope ukulira. Galasi anali pa sinki. Botolo latsopano, limene mtsikana anali atangolitenga dzulo lake, linali m'manja mwake, lopanda kanthu, ndipo ankalidzaza madzi mosamala ngati namwino.

"Mukutani?"

Galasi anadzidzimuka, koma manyazi a munthu wotere sachedwa kuuma. "Ndimakuthandiza. Mankhwala awa amawononga khungu."

"Andichotsa ntchito lero."

"Ntchito ndi chiyani? Ine ndikusamala."

"Munayamba liti?"

Anakweza mapewa. "Unayamba kudzimva iwe. Kale unkakhala phee, kudikira ine. Manja atangouma, mwamuna aliyense ndi mlamu wako. Tanena zoona, uli wonyowa uja akanakutola ndani kupatula ine?"

Mtsikana anamuyang'ana bwinobwino, mwina koyamba chikumanirane. Zinamupweteka kwambiri, pakuti mtsikanayo anamukondadi Galasi ndi mtima wonse. Koma kupwetekako kunabwera limodzi ndi nseru. Chimwamuna chonsechi, chonunkhira perefyumu mpaka pamsewu, chinalibe china chomugwirira mkazi koma matenda ake!

"Siya kiyi patebulopo," anatero.

"Mame anga, tamvera..."

"Kiyi."

Galasi anaponya kiyi, n'kuyenda mwamatama kulowera kukhomo. "Ubwera wekha. Ukadzandifuna usadzalire."

"Dikira," anatero mtsikana.

Anatembenuka msangamsanga, kumwetulira kwa wopambana kutayamba kale. Mtsikana anatenga botolo lija, analitseka bwinobwino n'kumuikira m'thumba la malaya.

"Tenga madzi ako. Kunjaku kwatentha, ukamwere panjira."