Ukwati wa Sherifu Kenan

Esnart anatsika basi pa depoti ya Karonga mu Okutobala wa 1982, thukuta lili kamukamu, sutikesi kumanja. Anali nesi watsopano wochokera ku Ntcheu, ndipo kuno analibe womudziwa. Asanayende n'komwe, anyamata atatu a chipani anamutchingira njira.

"Khadi, mayi!"

Anapisa m'chikwama. Mulibe! Khadi ya chipani anaiiwala kumudzi. 

Pomwepo panatulukira mnyamata wamtali, atavala chipewa cha mlaza chopinda m'mbali ngati cha makauboyi a m'kanema.

"Amwene, mwamva? Loweruka lino kuholo kuli filimu yoopsa. Mkulu wa mbava amafa chonchi!"

Anadziloza ndi chala, nati, "Phaa!" Anagwira pachifuwa, nadzandira, n'kugwa chagada m'fumbi. Depoti yonse inafa nacho chiseko.

"Bwereza, Ambokile, bwereza!" anakuwa anyamata a chipani aja.

Akugwa kachiwiri, anatsinzinira Esnart diso kuti azipita. Kenako mnyamata uja anamupeza panjira ya kuchipatala, namulandira sutikesi.

"Ndakuferani kawiri lero, achemwali, koma dzina lanu sindikulidziwa."

Esnart anaseka mpaka misozi. Chikondi chawo chinayambira pomwepo.

Ambokile anali wa ku Mwenilondo. Mkati mwa sabata ankaweta ng'ombe za bambo ake, koma Loweruka masana ankaima pambali pa nsalu ya kanema kuholo, kumasulira anthu mafilimu a makauboyi. Chingelezi ankachimva mwa apo ndi apo, zotsalazo ankangopeka, akusakaniza Chichewa, Chinkhonde ndi Chitumbuka. Ambiri ankabwerera iye, osati filimuyo.

"Duwa langa la ku Ntcheu," ankatero akumuperekeza, "tsiku lina sindidzaima pambali pa nsalu ija. Ndidzakhala m'kati mwake, pa hatchi yoyera."

"Iwe, hatchi unaiona kuti?"

"Ndakwera nkhunzi za bambo anga kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Hatchi ndi ng'ombe yopanda nyanga basi!"

Mu 1984 Ambokile analembetsa ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Tsiku lonyamuka anagwira manja onse awiri a Esnart, anthu akuona.

"Zaka ziwiri zokha, wapamtima. Ndikadzabwera, amalume anga adzapita ku Ntcheu kukagwada kwa makolo ako. Mkazi wina sindidzamuyang'ana. Undidikira?"

"Ndidikira, Ambo wanga. Ngakhale zitakhala zisanu."

Makalata ankabwera mwezi ndi mwezi, ena atatsegulidwa kale panjira n'kumatidwanso. Mu kalata yachisanu ndi chinayi munali nkhani yomwe Esnart anaiwerenga katatu.

"Mtima wanga, kunabwera mzungu wopanga mafilimu kufuna anthu odziwa ng'ombe komanso osaopa kugwa. Ndinaimika dzanja. Mgodi ndausiya! Panopa ndikuphunzira Chizulu ndi kukwera hatchi. Pepa, si ng'ombe yopanda nyanga ayi, yandigwetsa kasanu."

Poyamba ankasewera ngati mbava yomwe imafa filimu itangoyamba. Kenako anamupatsa nyenyezi ya chitsulo pachifuwa ndi dzina latsopano, Sherifu Kenan, mkulu wa apolisi wa m'mafilimuwo. Analemba kuti ku Joni anthu amamuona pa wailesi yakanema, kabokosi komwe kuno kwathu kunalibe, ndipo ana amamuthamangira m'misewu.

Esnart ankanyadira, koma mantha ankamudya. Munthu wotchuka chonchi angakumbukirenso nesi wa ku Karonga? Zaka ziwiri zija zinakwana, Ambokile n'kupempha chaka china.

Kutchalitchi kunali mnyamata wina wa m'kwaya, Lyson, kalaliki wa pa ofesi ina pa Boma. Anamufunsirapo Esnart kawiri, kawiri konse n'kukanidwa. Lamulungu lina atatuluka m'mapemphero, anamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Achemwali, sindimafuna kuti muone izi, koma chikumbumtima chikundivuta. Dalaivala wa lole wabwera ndi magazini kuchokera ku Joni."

Anatulutsa chithunzi chodulidwa bwino ndi sizasi. Ambokile, atavala suti yakuda, chipewa kumanja, ataima pakhomo la tchalitchi. Pambali pake mkazi wokongola, velo ili mbee, mutu atautsamiritsa paphewa pake!

Esnart anachiyang'anitsitsa chithunzicho.

"Anakwatira mwezi wathawu," anatero Lyson motsitsa mawu. "Pepani kwambiri."

Tsiku lomwelo Esnart analemba mizere itatu yokha: "Ndaona zonse. Usandilemberenso. Ukhale bwino ndi amene wasankha."

Makalata ena atatu anabwerabe kuchokera ku Joni. Onse anawaponya pa mbaula osatsegula. Akanangong'amba envelopu imodzi yokha! Koma mkwiyo unamutseka maso, ndipo Lyson anali pafupi, womvetsa, wodziwa kutonthoza. Mu 1987 anakwatirana. Mulungu anawapatsa ana awiri, Anne ndi Emma.

Masana ena mu 1992, mnzake wa kuntchito, Violet, anamukoka dzanja akuweruka.

"Esnart, tiye kumsika. Pa vidiyo paja akuonetsa filimu ya mwana wakwathu, Ambokile. Akuti mwini wake anabwerako, ali ku Mwenilondo."

Anakana, koma miyendo inapita yokha. Anakhala pa benchi yakumbuyo m'kachisakasa kotentha. Ndipo uyo! Ambokile pa hatchi yoyera, fumbi lili koboo kumbuyo kwake. Anthu anaimba m'manja.

Filimu ili pakati, panaoneka tchalitchi. Sherifu Kenan anatuluka pakhomo atavala suti yakuda, chipewa kumanja. Mkazi wa velo anatsamiritsa mutu paphewa pake. Khomo lomwelo. Velo yomweyo. Kenako mbava zinatulukira pa mahatchi, mfuti zinalira, mkwatibwi n'kugwa.

Anthu anakuwa mokondwa. Esnart anagwira pakamwa. Ukwati uja unali sewero!

Atafika kunyumba, anamupeza Lyson pakhonde akupukuta njinga.

"Bambo a Anne, chithunzi chija munandionetsa pansi pa mango, m'munsi mwake munalembedwa chiyani?"

Lyson anasiya kupukuta. "Zakalekale zimenezo ukuzikumbiranji?"

"Ndafunsa kuti munalembedwa chiyani!"

Lyson anagwetsa maso pa tcheni cha njinga.

"Munalembedwa dzina la filimu," anayankha. "Ndinadulapo. Ndinkakukonda, Esnart, ndipo ukanakalamba ukudikira munthu wa m'kanema. Kodi ndakusunga moipa?"

 Ayi, Lyson sanamusunge moipa. N'chimene chinkapweteka kwambiri.

Loweruka m'mawa anakwera matola kupita ku Mwenilondo. Anamupeza Ambokile atakhala pa chitsa pafupi ndi khola, mwendo wakumanzere atautambasula, ndodo ili pambali. Anali ataonda, imvi zitayamba m'mbali.

Anayang'anana. Ambokile ndiye anayamba.

"Muli bwanji, mayi?"

Mayi! Liwu limenelo linamubaya Esnart kuposa chitonzo chilichonse.

"Ndaonera filimu yanu," anatero misozi ikutsika. "Ndaona ukwati uja. Anandinamiza, Ambokile. Anandionetsa chithunzi, ine n'kukhulupirira."

"Ndinaganiza choncho. M'makalata atatu aja ndinafotokoza zonse. Mu yachitatu ndinaikamo chithunzi cha mkazi uja ali ndi mwamuna wake weniweni ndi ana awo."

"Sindinawatsegule."



"Kalata yanu inandipeza m'mawa, tikupita kukajambula filimu," anatero Ambokile. "Ndinayenera kudumpha pa hatchi ikuthamanga, chinthu chomwe ndinali nditachita kambirimbiri. Tsiku limenelo mutu sunali pamenepo. Mwendo unathyoka pawiri. Sherifu wotsimphina samufuna, ndiye anandibwezera ku umbava. Zaka zinayi ndakhala ndikufa m'mafilimu a anthu ena, mpaka kampani inatseka."

"Ndikhululukireni!"

"Inenso ndili ndi mlandu. Ndinalonjeza zaka ziwiri. Zitakwana, ndinakonda kuomberedwa m'manja, n'kumati filimu imodzi yokha, imodzi yokha. Ndikanabwera, chithunzi chikananama bwanji?"

M'nyumba munatuluka mayi wachitsikana, wodwala pakati. Anayala mphasa, nagwada, napereka moni wa Chinkhonde.

"Uyu ndi Towera, mkazi wanga," anatero Ambokile. "Towera, awa ndi anesi a ku Boma."

Nkhope ya Towera inawala. "Ndaga, zikomo anesi, Mulungu wakutumani! Bala la pamwendo pawo likutuluka mafinya, koma kuchipatala akukana. Tawaonaniko, mwina inu akumverani."

Esnart anapukuta m'maso, napempha madzi otentha, mchere ndi nsalu yoyera. Anagwada m'fumbi, napinda buluku la Ambokile, n'kuyamba kutsuka bala lija pang'onopang'ono.  Ambokile anayang'ana kumbali, ku ng'ombe zake. Towera anagwirizira beseni, akuthokoza mosalekeza.

Atamanga nsalu, Esnart anaimirira nasasa fumbi m'maondo.

"Bala ili likufunika jakisoni," anauza Towera. "Mubwere nawo Lolemba m'mawa, musalephere."

"Tikafunse inuyo, eti anesi?"

Esnart anayang'ana Ambokile komaliza.

"Ayi, mayi. Mukafunse a Violet. Ine musakandifunse."