Msonkhano wa Mipando Yopanda Anthu

Woyamba kuona zachilendozo anali mayi wosesa. M'mawa uliwonse ankapeza mipando ya mbali yamdima ya ofesi itazungulira tebulo, ngati anthu angotuluka kumene mumsonkhano. Ankaibwezera kukhoma, koma kukacha ankaipezanso pomwepo.

Mbali imeneyo kunalibenso wogwirako ntchito. Kampaniyo inkapanga pulogalamu ya pa foni yogulira katundu, ndipo makasitomala atayamba kuthawa, bwana anachotsa theka la antchito kudzera pa uthenga wa pa foni, n'kulamula kuti magetsi a mbaliyo asamayatsidwe. Mwa ochotsedwawo munali mkulu wina amene onse ankamutchula kuti Malume, yemwe anayambitsa kampaniyo limodzi ndi bwanayo m'kachipinda kalendi. Malume sanadandaule. Anangonyamula jekete lake n'kumapita, ndipo pasanapite nthawi anamwalira ndi matenda a mtima. Bwana kumaliro sanapondeko, ndipo otsalawo anawauza kuti ntchito siidikira maliro.

Kuyambira pamenepo mu ofesi munazizira. Kuseka kunatha, moni unasanduka wa m'mphuno. Aliyense ankafunafuna ntchito ina mobisa, ndipo bwana akamadutsa, maso onse ankamatirira pa kompyuta.

Popeza makina osunga pulogalamuyo ankazimazima, antchito ankasinthana kuwachezera usiku. Woyamba kumva mawu achilendo anali mnyamata wanthabwala wotchedwa Chipewa, chifukwa chipewacho sankachivula ngakhale pamaso pa bwana. Kutacha anamupeza atakhala panja, milomo itauma gwa.

"Mipando imayenda yokha," Chipewa ananong'oneza amake mapasa, mayi amene ankakhala naye tebulo limodzi. "Kenako wina amayankhula motsitsa, n'kusiya, ngati akudikira yankho."

"Si mlonda ameneyo?"

"Mlonda ndimamuona pawindo, ali pageti."

Chipewa anadwala mutu wosamva mankhwala, ndipo sanabwerenso. Mphekesera inafala kuti Malume amabwera kudzamaliza ntchito yake. Ena ankati bwana anakhwimira kampaniyo, ndiye zayamba kumutembenukira. Wachiwiri kuchezera anathawa pakati pa usiku, makina n'kuzima mpaka m'mawa, makasitomala enanso n'kuchoka.

Kenako inafika nthawi ya amake mapasa. Mwamuna wake anamuletsa, koma iye anati akakana, wotsatira kuchotsedwa ndi iyeyo, nanga anawo adzadya mantha?

Anakhala yekha m'kachipinda ka makina, mmene munkangomveka kulira kwa mafani oziziritsa makinawo ndi kuthwanima kwa timagetsi tobiriwira. Mumsewu magalimoto anachepa mpaka kutheratu. Ndiyeno kuseri kwa khoma kunamveka tayala la mpando likukwekwereza pansi, pang'onopang'ono, n'kuima. Linatsatira lina. Pambuyo pake panabwera mawu a mwamuna, otsika, osasa ngati a munthu amene walira nthawi yaitali.

Mayiyo anavula nsapato n'kuyenda chogwira khoma. Atasuzumira, kuwala kwa nyale ya mumsewu kunamuonetsa mipando itazungulira tebulo, ndipo kumutu kwa tebulolo kunali munthu wovala vesiti, wopanda nsapato. Pansi pa desiki ina panali kamatiresi ndi chikwama cha zovala. Munthuyo anali bwana.

"Tiyambe, anzanga," ankatero bwanayo, akuyang'ana mipandoyo umodziumodzi. "Amene ali ndi maganizo anene, sindikalipa. Malume, inu munandiuza kuti tikuthamanga kwambiri. Nanga lero nditani?"

Anapendeketsa mutu, akumvetsera. Kenako anagwedeza mutuwo ngati wamva.

"Bwana," anaitana amake mapasa.

Bwanayo sanadzidzimuke. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo nkhope imene masana inkaopsa anthu inali itagwa ngati ya nkhalamba.

"Ndinu mayi? Musayatse getsi. Nyumba ndinagulitsa kuti kampani ipume, mkazi wanga anapita kwawo ndi ana. Ndimagona muno, mlonda yekha ndiye akudziwa."

"Nanga mukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi anzanga. Masana palibe amandiuza zoona."

Mantha a mayiyo anasanduka chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. "Amoyofe tili mbali inayo, bwana. Tikufa ndi mantha chifukwa cha mipandoyi, Chipewa mpaka wadwala. Simunatifunsepo ngakhale kamodzi kuti titani."

"Inu mukandiyang'ana ndimaona maliro aja," anayankha. "Ndinafika pamsewu wa kwa Malume tsiku lija, mayi. Nyimbo ndinkazimva. Ndinalephera kutsika m'galimoto."

Amake mapasa anaganiza zokhala naye pang'ono, poti munthu wotere sasiyidwa yekha mumdima. Anakoka mpando umene unali kudzanja lamanja la bwanayo n'kukhalapo.

"Osati pamenepo, mayi," anatero bwanayo modekha. "Pali munthu."

Mayiyo anadzuka msanga. M'chipindamo munali mozizira mpaka zala kuuma, bwanayo anali asanachoke pamalo pake, koma mpandowo unali wofunda ngati wina wangonyamukapo.

Anabwerera m'kachipinda ka makina n'kukhoma chitseko, ndipo mpaka mbandakucha ankamva bwana akufunsa, n'kusiya, n'kufunsanso.

Kampaniyo inatsekedwa mwezi womwewo. Pa tsiku lomaliza bwana anaima pakhomo n'kugwira chanza aliyense, akupepesa ndi mawu osamveka bwino. Anzake atamufunsa amake mapasa zimene anaona usiku uja, anangoti anali bwana, ndipo onse anapumira m'mwamba, ena mpaka kuseka. Iye sanaseke nawo. Za kufunda kuja sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake.