Batire la Zakia Latupa

Zakia amayenda akuyang'ana pansi. Akaona waya, amatola. Akaona kabawuti, amatola. Matumba ake sakhala opanda kanthu.

Zakia amakhala ku Berea, mu Joni. Amakhala m'fulati ndi amayi ake ndi mng'ono wake Nadia. M'fulatimo muli mabanja enanso.

Zakia anapanga galimoto ya mawaya. Matayala ake anali zotsekera mabotolo. Anaikamo mota yaing'ono. Anaikamonso batire la nyali yakale.

Galimoto inayenda yokha!

Inayenda, inayenda, kenako inaima. Batire linatha moto.

Tsiku limenelo magetsi anali atazima. Zakia anadikira. Anadikira ndithu.

"Ayaka!" anakuwa Nadia.

Aliyense anathamangira ku soketi. Zakia nayenso anathamanga. Anatenga tchaja yomwe anatola mumsewu. Analumikiza batire lija.

Koma Nadia amagwira chilichonse. Zakia anaganiza. M'fulati muno anthu amabisa mafoni pansi pa pilo akamatchaja. Nayenso anabisa batire pansi pa pilo wake. Ndiye anapita kukasewera panja.

Amayi ankapinda zovala. Anamva kafungo.

"Chikupsa n'chiyani?"

Ananyamula pilo. Pilo anali wotentha. Batire linali litatupa!

Amayi anazimitsa pa soketi msanga. Anatulutsa Nadia m'chipinda.

"Iwe Zakia! Bwera kuno! Usaligwire!"

Zakia anayang'ana batire. Anayang'ana amayi.

"Ukanatiotchera nyumba," anatero amayi. "Nyumba ya eni ake! Tikanapita kuti? Mawaya onsewa apite ku bini. Ndi galimoto yomwe."

Zakia sanalire. Anagwira galimoto yake zolimba.

"Amayi, musataye. Ndiphunzitseni."

"Ine za mabatire sindidziwa."

"Amalume amadziwa."

Amalume a Tawakali amakonza mafoni ku Hillbrow. Amayi anawaimbira. Posakhalitsa anafika, ali wefuwefu.

"Eish! Batire lanenepa kuposa ine!" anatero amalume. "Mwalidyetsa chiyani, achemwali?"

"Funsani injiniya wanuyo," anayankha amayi.

Amalume anapempha chitini. Anathiramo mchenga. Ananyamula batire ndi pulayala, pang'onopang'ono. Analiika mu mchenga. Anakaika chitini panja, kutali ndi zovala.

"Tiliboole liphwe?" anafunsa Zakia.

"Ayi! Batire lotupa sitiboola. Sitifinya. Sititchajanso. Ili lafa basi."

Amalume anayang'ana tchaja ija. Anapukusa mutu.

"Iyi si yake. Ili ndi mphamvu zambiri. Batire lililonse lili ndi tchaja yake."

"Tchaja yake," anatero Zakia.

"Batire likamatchajidwa limafunda. Limafuna mpweya. Uliike pa matailosi. Osati pa bedi. Osati pansi pa pilo."

"Osati pa bedi. Osati pansi pa pilo."

"Pakhale munthu wamkulu. Iwenso usachoke. Likadzaza, uzule."

"Likadzaza, ndizule."

Amayi anapinda manja. "Mawa aiwala ameneyu."

"Sindiiwala," anatero Zakia.

Anayang'ana uku ndi uku. Anaona kawaya koyera pa bedi la amayi. Kanalowa pansi pa pilo.

"Amayi, foni yanu ili kuti?"



Zakia anapita ku bedi. Ananyamula pilo. Foni inali pomwepo, pa tchaja. Inali yotentha.

"Osati pa bedi," anatero Zakia. "Osati pansi pa pilo."

Anaika foni pa matailosi. Anakhala pansi n'kumailondera.

Amalume anaseka mpaka kukhosomola.

"Achemwali, mwagwidwa!"

Amayi anayesa kukwiya. Zinakanika. Nawonso anaseka.

"Chabwino," anatero amayi. "Galimoto isapite ku bini. Koma batire latsopano ukatchajire kwa amalume ako. Ukazolowera, uzidzatchajira kuno, ine ndili pomwepo."

"Ndili ndi batire labwino kushopu," anatero amalume. "Tchaja yake iliponso. Ili ndi kanyali. Kakasanduka kobiriwira, ndiye kuti ladzaza."

"Nanga lotupali? Tiponye mu bini?" anafunsa amayi.

"Ayi. Mu bini likhoza kuyaka. Pali malo olandira mabatire akufa. Ine ndikalisiya kumeneko."

"Tipite liti kushopu?" anafunsa Zakia.

"Loweruka."

"Bwanji lero?"

Amalume anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kumwamba.

"Mwana uyu! Pitani. Koma mubwere dzuwa lisanalowe."

Zakia anatenga chikwama chake. Anaikamo galimoto. Anaikamo mawaya. Nadia anaikamo nthochi ziwiri.

Amalume ananyamula chitini. Zakia anabereka chikwama.

"Tiyeni, amalume. Galimoto yanga ili ndi njala."