Nkhuku Yamakani M'beseni la Tiwonge

Tiwonge anali mtsikana wa ku Wenya. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mano ake awiri akutsogolo anali atachoka. Koma pampata pamenepo sipankadutsa bodza. Tiwonge akalonjeza, walonjeza basi.

Tiwonge ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupereka beseni lake kwa mapasa.

Nkhaniyi inayamba Lamulungu. Kutchalitchi kunabwera mlendo, dzina lake Mayi Bessie. Mayi Bessie anali a gulu lothandiza anthu la ku Chitipa Boma. Gululi linkayenda ndi galimoto khomo ndi khomo. Linkatenga zovala zakale. Linkatenga mapoto, mbale ndi mabulangete. Kenako linkakapereka kwa amene alibe.

"Kuli mayi wina amene wabereka mapasa," anatero Mayi Bessie. "Nyumba yake inapsa ndi moto wa m'tchire. Alibe ngakhale beseni losambitsira ana."

Tiwonge anaimika dzanja msangamsanga.

"Ine ndili nalo beseni!" anatero. "Ndi lachikasu. Ndinkasambiramo ndili khanda. Ndidzawapatsa mapasawo."

"Yewo chomene, mwana wane," anatero Mayi Bessie pothokoza. "Tidzabwera kwanu Loweruka masana. Koma tidzadutsa kamodzi kokha. Ulendo wathu ndi wautali."

Loweruka linafika. Amama anamanga zovala m'chitenje. Adada anatulutsa jekete lakale ndi ketulo. Tiwonge anathamangira kukhitchini. Beseni linkakhala kumeneko, kuseri kwa matumba a nyemba.

Tiwonge anasuzumira. Beseni linalipo. Koma munali mwini wake watsopano!

M'besenimo munali nkhuku. Inali nkhuku ya Tiwonge, dzina lake Namawanga. Inali itakhala phee, nthenga zili nyankhalala. Pansi pake panali mazira.

"Namawanga!" anatero Tiwonge. "Kani umabisala kuno? N'chifukwa chake umangooneka masana okha!"

"Krrr!" anayankha Namawanga.

"Chonde tuluka. Beseni ili ndi la mapasa."

"Krrr!" anayankhanso Namawanga.

Tiwonge anaitana Adada. Adada anabwera akupinda manja a malaya.

"Kankhani kakang'ono aka," anatero Adada. "Ine ndinagwirapo ng'ombe yolusa. Nanga nkhuku n'chiyani?"

Adada anatambasula dzanja. Jo! Namawanga anawajompha chala.

"Mama wee!" anakuwa Adada.

Munthu wogwira ng'ombe uja anatuluka panja akuyamwa chala.

Amama anaseka mpaka misozi. Kenako anapukusa mutu.

"Isiyeni nkhukuyo," anatero Amama. "Ikufungatira mazira. Mukaichotsa ndi ukali, iwathawa mazirawo. Mazira azizira. Anapiye afera momwemo."

Tiwonge sankafuna kuti anapiye afe. Ayi ndithu.

"Bwanji tipereke chidebe ichi?" anafunsa Amama.

"Chidebe n'chakuya, Amama. Khanda silingagonemo. Ine ndinalonjeza beseni."

Mtima wa Tiwonge unawawa kwambiri. Akachotsa nkhuku, anapiye afa. Akasiya nkhuku, mapasa asowa beseni. Ndipo galimoto inali m'njira.

Tiwonge anakhala pamtondo. Anaganiza. Anaganizanso. Kenako anadzuka kuti nyamu!

"Amama! Namawanga amatuluka masana aliwonse. Amadya, amamwa madzi, amasamba fumbi. Kenako amabwerera. Akatuluka, ndisintha chisa chake!"

"Ufulumire, koma usapupulume," anatero Amama. "Chisa chatsopano uchiike pamalo omwewo. Ndipo mazira usawagwire ndi manja. Amati nkhuku ikamva fungo la munthu, imanyanyala."

Tiwonge anatenga lichero lakale. Anayalamo udzu wouma. Anatenga chipande chonyamulira mazira. Panja anawaza madeya. Anaikanso madzi m'phale. Kenako anakhala pakona, nayamba kudikira.

Mphepo inauluza fumbi pabwalo. Tiwonge anadikira.

Nyerere inakwera pamwendo wake. Tiwonge anadikira.

Mimba yake inalira njala. Tiwonge anadikirabe.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ananong'ona Amama pazenera.

Dzuwa linafika pamutu. Kutali kunamveka kulira kwa galimoto.

Pi-piii!

Galimoto inali itaima panyumba ya kumunsi. Ikachoka pamenepo, ibwera kwa Tiwonge. Koma Namawanga analibe nazo ntchito. Anangotsinzina diso limodzi. Nkhuku yamakani ngati imeneyi simunaionepo!

Kenako Namawanga anadzuka. Anawongola mwendo umodzi. Anawongola winawo. Anatuluka panja monyada, nayamba kujompha madeya.

Tiwonge anakwawira kubeseni. Munali mazira asanu ndi anayi. Onse anali ofunda.

Analowetsa chipande pansi pa dzira. Ananyamula pang'onopang'ono. Anaika m'lichero.

"Limodzi," ananong'ona.

Ananyamula lina. "Awiri."

Ananyamula lina. "Atatu."

"Anayi. Asanu. Asanu ndi limodzi."

Pi-piii!

Galimoto inaima pakhomo penipeni.

"Odi kuno!" anaitana Mayi Bessie. "Monire mose!"

"Yewo, yewo!" anayankha Amama. "Fikani. Muli uli? Nanga kunyumba? Nanga ana? Nanga msewu?"

Amama anatalikitsa moni dala. Anapereka zovala pang'onopang'ono. Anapereka jekete pang'onopang'ono. Ketulo anachita kuipukuta kawiri.

M'khitchini Tiwonge ankawerengabe.

"Asanu ndi awiri."

Panja Namawanga anamaliza kudya. Anamwa madzi. Anasamba fumbi. Kenako anatembenuka, nayamba kubwerera.

"Adada, mutchingireni!" anatero Tiwonge.

Adada anaima pakhomo la khitchini. Dzanja lolumidwa lija analibisa m'thumba. Ndi dzanja linalo anawaza madeya ena.

"Idyani, mama, idyani," anatero Adada mwaulemu. "Ife tilibe nanu mlandu."

"Asanu ndi atatu," ananong'ona Tiwonge.

Linatsala limodzi. Tiwonge analinyamula mofulumira. Dzira linagubuduka pachipande. Linapita uku. Linapita uko. Linafika m'mphepete penipeni!

Tiwonge anagwira chipande ndi manja awiri. Dzira linabwerera pakati. Analitsitsa bwinobwino pa udzu.

"Asanu ndi anayi!"

Tiwonge anakoka beseni. Anakankhira lichero pamalo omwewo, kuseri kwa matumba a nyemba. Nthawi yomweyo Namawanga anadutsa pakati pa miyendo ya Adada.

Amama anasuzumira pazenera. Mayi Bessie nawonso anasuzumira.

Namawanga anayang'ana lichero ndi diso lamanja. Anayang'ananso ndi diso lamanzere. Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Kodi akwera? Kodi anyanyala?

Namawanga anakweza mwendo. Analowa m'lichero. Anatembenuza dzira limodzi ndi mlomo. Anadzigwedeza, nakhala pansi phee!

Tiwonge anatuluka monyang'ama, beseni lili pamutu. Onse anamutsatira monyang'ama. Sanafune kudzidzimutsa nkhuku. Atafika pagalimoto, chimwemwe chinaphulika.

"Ndakwanitsa! Ndakwanitsa!" anakuwa Tiwonge akulumphalumpha.

Amama anaimba nthungululu. Adada anavina, chala chili m'mwamba.

Tiwonge anatsuka beseni ndi sopo. Analitsuka m'kati. Analitsuka kunja. Linawala ngati latsopano. Kenako anagwada, nalipereka ndi manja awiri.

"Nali beseni la mapasa," anatero. "Ndinalonjeza."

"Walonjeza ndipo wachita," anatero Mayi Bessie. "Yewo chomene, Tiwonge."

Galimoto inanyamuka. Beseni lachikasu linali pamwamba pa katundu yense. Tiwonge anabayibitsa mpaka linabisika m'fumbi.

Panapita masiku khumi. M'mawa wina kukhitchini kunamveka timawu.

Piyo! Piyo! Piyo!

Namawanga anatuluka monyada. Kumbuyo kwake kunali anapiye. Tiwonge anawawerenga. Anali asanu ndi anayi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsala!

Tsiku lomwelo foni ya Adada inalira. Mayi Bessie anali atatumiza chithunzi. Adada anakhala pakhonde. Amama anakhala pambali pawo. Tiwonge anadzipanikiza pakati.

Pachithunzipo panali beseni lachikasu. M'besenimo munali makanda awiri onenepa. Mitu yawo inali thovu lokhalokha. Mayi awo ankaseka.

Tiwonge anayang'ana makandawo. Anayang'ana anapiye pabwalo. Kenako anayamba kuwerenga ndi zala.

"Ukuwerenganso chiyani?" anafunsa Adada.

"Abale anga," anatero Tiwonge. "Anapiye asanu ndi anayi. Mapasa awiri. Ndi ine. Tonsefe ndife ana a beseni limodzi!"