Sabuwufa ya Mwana wa Pi-lien

Pi-lien timatong'ola naye nkhono zam'nyanja patebulo limodzi, ndiye nkhaniyi ndinaimva kwa mwini wake.

Mwana wake wamkazi, Yu-tong, anabadwa wosamva. Zaka zitatu, kuyankhula ayi. Ungamenye chivundikiro cha poto kumbuyo kwake, iye osatembenuka. Chimene ankachimva n'chimodzi chokha: sabuwufa ya m'galimoto ya bambo ake, chisipika chija chimagunda m'chifuwa ngati ng'oma. Bambowo anaikhomera okha m'bokosi lathabwa asanakwere sitima yopha nsomba, ulendo wa miyezi isanu ndi itatu. Mwana akasanjika zikhatho pabokosipo nyimbo ikulira, ankaseka mpaka dovu, ndipo kukhosi kwake kunkatuluka kaphokoso. Aphunzitsi a ana osamva anauza Pi-lien kuti asasiye, chifukwa mawu a mwanayo adzayambira pamenepo.

Tsiku lina mlamu wake A-Kun anafika ndi ampulifaya yatsopano kukhwapa, kabokosi kothira mphamvu m'sipika.

"Mlamu, kaampulifaya ka achimwene kaja n'kachidole," anatero. "Taonani katoni ya sipikayi. Mawati 1,200. Mukuimana chakudya."

"Paja inu munawotcha fani ya amayi," anatero Pi-lien.

"Fani ija inali itakalamba kale."

Analumikiza mawaya, n'kupotokola kakonono ka pa ampulifaya mpaka pothera. Anasasa m'manja n'kumapita.

Unali mwezi wachisanu ndi chiwiri, uja timaika mpunga ndi zipatso pakhomo kuti akufa opanda abale adye. Akuluakulu amaletsa kuyandikira madzi kukada. Koma pakati pa nyumba anthu ankadandaula phokoso, ndiye atadya chamadzulo Pi-lien anatenga mwana pagalimoto n'kupita kumene ankapita masiku onse, pakamsewu kodutsa pakati pa maiwe a nsomba. Kunali kutangoda kumene.

Anapinda mpando wakumbuyo. Mwana anakhala, manja pabokosi. Nyimbo inayamba.

Galimoto yonse inanjenjemera. Zitseko zinkalira. Yu-tong anakuwa ndi chimwemwe. Patapita kanthawi, mawu a sipika anayamba kusasa, ndipo kunabwera kafungo kopserera. Pi-lien anangoti mwina wina akuwotchera akufa mapepala, monga timachitira mwezi umenewu.

Kenaka anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

Galasilo linkanjenjemera moti magetsi a pamaiwe ankangooneka mizeremizere. Mapolo, udzu, mutu wa mwana, zonse zinali mbuu. Koma kumbuyo kwa galimoto kunaima bambo, ndipo iye yekha ankaoneka bwinobwino. Osagwedera n'komwe. Anavala chijasi chamvula, chonsecho kumwamba kunali nyenyezi.

Anagogoda pabuti kawiri.

"Zimitsani, mayi. Ikupsa."

Sanakuwe. Mawindo anali otseka, nyimbo ili pamwamba, koma Pi-lien anamva ngati munthuyo wakhala pambali pake. Ndipo Yu-tong, amene sanatembenukirepo mawu a munthu chibadwire, anatembenuka.

Pi-lien anazimitsa wailesi. Mwendo unali kale pamafuta kuti athawe. Koma kafungo kaja tsopano kanali katadzaza m'galimoto, ndipo kankachokera m'bokosi la mwana wake. Anatsegula buti, ananyamula mwana m'chiuno, n'kutuluka.

Bamboyo anaima patali pang'ono, manja kumbuyo. Nkhope sinkaoneka bwino m'chipewa cha chijasicho.

"Gwirani pakati pa sipikapo," anatero.

Anagwira. Panali potentha ngati kapu ya tiyi.

"Amene wakuikirani wawerenga nambala yapakatoni," anatero bamboyo. "Imeneyo ndi mphamvu imene sipika ingapirire kanthawi ka kuphethira diso basi. Imene ingasenze tsiku lonse ndi 300. Analemba kumbuyo kwa maginito. Ampulifaya yanuyi ikuithira 800."

"Mwaziona liti zimenezo, bambo? Bokosili n'lokhoma."

Bamboyo analoza ampulifaya. "Muli ndi kachitsulo?"

Pi-lien anali ndi kampeni kake kotong'olera nkhono m'thumba la epuloni. Anakalowetsa pakakonono kaja.

"Bwezani. Bwezaninso. Pomwepo. Idikireni izizire. Tsiku lina mukadzamva ikusasa, musadzawonjezere, mudzachepetse. Kawaya kam'kati kakapsa, kapsa basi."

"Nanga mwanayu adzamva, ikamalira pang'ono choncho?"

"Manja safuna zambiri," anatero bamboyo.

Yu-tong ankamuyang'anitsitsa pakamwa, maso osaphethira. Pi-lien anawerama kuti achotse kampeni pakakonono. Poweramuka, panalibe munthu. Kamsewu kameneko n'kowongoka, uku dziwe, uku dziwe, popanda ngakhale chitsamba. Sanamve mapazi. Sanamve khuvu la madzi.

Anakhala m'galimoto atakhoma zitseko mpaka sipika inazizira. Akuti sakudziwa chimene chinamuletsa kuthawa. Atayatsanso, mawu anatuluka ofewa, osasasa, ndipo galasi silinanjenjemere. Mwana anaika manja pabokosi. Kenaka anatseka milomo n'kuyamba kung'ung'udza, mmm, mmm, motsatana ndi ng'oma ya m'nyimbomo. Anali asanachitepo zimenezo.

M'mawa Pi-lien anamasula sipika m'bokosi, A-Kun akuyang'ana. Kumbuyo kwa maginito kunali kapepala kakang'ono kolembedwa 300. A-Kun anakanda m'mutu n'kunena kuti naye ankaganiza zomwezo.

Nkhani itafika patebulo lathu, aliyense anali ndi yake. Mayi Liao, amene ndi wamkulu pa tonsefe, anatsitsa mawu n'kunena kuti kale kunali bambo wina woyendetsa zokuzira mawu pa zikondwerero za kukachisi, amene anagwera m'dziwe limodzi mwa amenewo chaka cha namondwe. Ena anati alendo a mwezi umenewu amakonda nyimbo, sankafuna kuti ithe. Wina anati anali mlonda wa maiwe chabe, koma eni maiwe akuti alibe mlonda.

Ine ndinafunsa Pi-lien ngati sachita mantha kubwererako.

"Ndimachita," anatero, osasiya kutong'ola. "Koma dzulo mwana wanena kuti ma. Ndisiye?"